Mawu a Jailosi Anatsala Kuphiri

Mukadzafika ku Bangula, kuseri kwa msika, mudzaona bambo wina wamtali ali pakhonde akuluka mphasa. Mukadzamupatsa moni sadzayankha. Adzangotembenuka kuyang'ana mkazi wake, ndipo mkaziyo ndi amene adzakuuzeni mmene bamboyo wadzukira. Musadzamuyese wamwano. Ameneyo ndi Jailosi Fombe, ndipo kale anali ndi pakamwa kuposa tonsefe.

Iyeyu ndiye ankayambitsa nyimbo kumpingo kwawo, kampingo kofolera ndi udzu ka anthu osakwana makumi anayi. Akangokweza mawu, asodzi a ku Shire ankaimika kaye nkhafi. Mkazi wake Dolika anali wosalankhulalankhula, wa maso oona zambiri. Anali ndi mwana mmodzi, Lonjezo, ndiye pakhomo ankaitanana ndi dzina la mwanayo.

Mpingo umenewu unali ndi lamulo lake. Mtumiki wawo, a Tchale, ankaphunzitsa kuti matenda ali ngati galu wa pakhomo, ukamutchula dzina amabwera akugwedeza mchira. Choncho munthu wa mpingowo akafunsidwa za thupi lake, yankho linali limodzi basi: "Ndili bwino." Malungo akumugwedeza mpaka mano kugundana, "Ndili bwino." Ine sindinyoza kupemphera ayi, nanenso ndimagwada. Koma lamulo limenelo ndimadana nalo mpaka lero, ndipo mumva chifukwa chake.

Chaka china mwezi wa Juni, anthu asanu ndi awiri a mpingowo anapangana zokapemphera pamwamba penipeni pa phiri la Mulanje, ali pa kusala kudya kwa masiku atatu. Kumeneko a Tchale anati akamusanjika manja Jailosi kuti akhale mkulu wa mpingo. Munthu anali atayembekeza zimenezi zaka khumi ndi ziwiri. Dolika anamulukira chipewa chofiira chaubweya, poti anamva kuti kumwambako kumazizira.

Patsinde pa phiri anapeza wowatsogolera, a Makwinja, bambo wamfupi wa imvi yemwe anakwera phirilo kuyambira ali mnyamata. Anawayang'ana mmodzimmodzi, kuyambira nsapato mpaka kumutu.

"Mwachokera kuti, abale?"

"Ku Bangula," anayankha a Tchale.

"Hoo, kunsi kwenikweni. Ndiye tamverani. Kwanuko mpweya ndi wokhathamira, mumachita kuusambira. Kumwambaku ndi wopyapyala. Umapuma koma osakhuta. Thupi limafuna kuzolowera pang'onopang'ono, ndiye lero tigona panyumba yoyamba yogonamo okwera phiri, mawa yachiwiri, mkuja pamwamba. Muzimwa madzi ngakhale mulibe ludzu, muzidya ngakhale mulibe njala. Mutu ukayamba kuwawa, kaya nseru, kaya chizungulire, nenani msanga. Nthenda ya phiri mankhwala ake ndi amodzi, kutsika basi."

A Tchale anamwetulira ngati munthu amene akumvera mwana. Anati iwo ali pa kusala, lero ndi tsiku lachiwiri, ndipo ayenera kuima pamwamba mawa dzuwa likutuluka. Anakangana nthawi yaitali. Potsiriza a Makwinja analola zodumpha nyumba yoyamba, bola aliyense azimwa madzi, ndipo akangoona wodwala mmodzi onse abwerera. Pambuyo pake ankanena okha kuti kulola kumeneko ndi kupusa kumene sanapusepo chibadwire.

Akunyamula chikwama chawo anawonjeza, motsitsa mawu: "Paliponse popumira ndizikufunsani mmodzimmodzi mmene mukumvera. Mundiyankhe zoona. Kumwambaku si ine ndekha amene ndimamva mayankho."

Anthu anaseka. Dolika sanaseke.

Anakwera mmawa wonse m'nkhalango, Jailosi ali patsogolo kuyambitsa nyimbo, anzake kumavomera mwawefuwefu. Popumira paliponse a Makwinja ankafunsa aliyense, kwinaku akupinda chala chimodzi pa yankho lililonse. Zala zisanu ndi ziwiri, ulendo nkupitirira. Botolo la madzi likafika kwa Jailosi, iye ankangoligunditsa pamlomo nkulibweza kwa mkazi wake. Dolika ankalimva m'manja kuti silinapepuke.

"Bambo a Lonjezo, mwani pang'ono pokha," ananong'ona.

"Amene akukasanjikidwa manja ndi ine, si botolo ayi."

Dzuwa litapendeka anadutsa nyumba yoyamba osaima. Mitengo inatha, kunatsala udzu waufupi ndi miyala, ndi kamphepo kolowa m'mafupa. Jailosi anali atasiya kuyimba. Tsopano ankayenda kumbuyo kwa onse, akufinya zikope, dzanja lili pachipumi.

Ndi pamenepo munthu wina wosenza thabwa anawapeza, iye ndi Dolika.

Anachokera kumbuyo kwawo, wosavala nsapato, kabudula wong'ambika, thabwa lalitali la mkungudza lili pamutu. Sankatuluka thukuta. Potsetsereka pamene aliyense ankapuma ngati mvukuto, iye kupuma kwake sikunkamveka. Dolika anapatuka nkuwomba m'manja, koma munthuyo anamudutsa ngati akudutsa chitsa. Anaima pa Jailosi.

"Muli bwanji, akulu?"

"Ndili bwino," anatero Jailosi, mawu akuchita kukokedwa.

"Muli bwino ndithu?"

"Ndili bwino."

Munthuyo anagwedeza mutu, thabwa osasuntha ngakhale pang'ono, nkupitirira chokwera. Dolika anamutsatira ndi maso mpaka anakhota kuseri kwa thanthwe, kulowera kumene kunali anzawo. Atawapeza anzawowo popumira, anafunsa a Makwinja ngati amamudziwa bambo wa thabwayo.

"Wa thabwa uti, mayi?"

"Wakudutsani pompano, akukwera."

A Makwinja anayang'ana njira kumtunda, anayang'ana kumunsi. "Matabwa amatsika phiri, mayi. Sindinaonepo thabwa likukwera." Kenaka anafunsa: "Analankhula ndi ndani?"

Dolika anamva maso a mwamuna wake pakhosi pake. "Sanalankhule," anatero, ndipo limenelo linali bodza lake loyamba paphiripo.

Ponyamuka, chipewa chofiira chija chinasowa. Jailosi anali atachiika pamwala pambali pake. Anafufuza m'maudzu, m'zikwama, pansi pa mwala, koma ayi ndithu. A Tchale anati mphepo yauluza. Panthawiyo kunalibe mphepo.

Atayenda pang'ono Jailosi anapatukira kuseri kwa mwala ngati akukataya madzi. Dolika anamutsatira, nkumupeza atagwada akusanza, ndulu yokhayokha poti m'mimba munalibe kanthu. Podzuka anadzandira ngati munthu wochokera ku kachasu, iye amene mowa sanaulawepo.

"Ndikukawauza a Makwinja," anatero Dolika.

Jailosi anamugwira pamkono. "Iwe Dolika. Zaka khumi ndi ziwiri. Ukangotsegula pakamwa, onsewa abwerera chifukwa cha ine, ndipo dziko lonse lidziwa kuti Jailosi anagwa m'njira ngati thumba la chimanga. Ukufuna kundivula pagulu?"

"Nanga mukafa?"

"Ukuona? Wayamba kale kuitana galu."

Dolika anatseka pakamwa. Musamuweruze msanga. Anakulira m'chiphunzitso chimenecho, ndipo mumtima mwake munali mantha awiri: kuti akakhala chete mwamuna wake afa, komanso kuti akanena ndiye amupha ndi lilime lake.

Nyumba yachiwiri anaifika kukuchita chisisira. Inali yamatabwa, chipinda chimodzi, malo osonkhapo moto pakhoma. Jailosi anakakhala pakona pamdima, bulangeti mpaka kumutu, Baibulo lili pamaondo ngati akusinkhasinkha. A Makwinja anayamba kufunsa mwachizolowezi, akupinda zala. Atamaliza anayang'anitsitsa manja awo. Anawerenga anthu. Anafunsanso kachiwiri, mmodzimmodzi, ndipo ulendo uno Dolika nayenso anawerenga chamumtima.

Anthu asanu ndi awiri. Mayankho asanu ndi atatu.

Lowonjezeralo linabwera pomalizira, chapansipansi, kuchokera cha kukhomo kumene kunalibe munthu.

"Ndakalamba, makutu ayamba kundinamiza," anatero a Makwinja. Koma anawonjeza nkhuni pamoto, anatseka chitseko ndi mpiringidzo, nkukagona chopingasa pakhomopo.

Tulo kwa Dolika kunalibe. Jailosi ankatsokomola chouma, kenaka chifuwa chinayamba kulira khwee, khwee, ngati madzi otsala pang'ono kuwira m'ketulo. Nthawi zina kupumako kunkaima zii, Dolika nkuyamba kuwerenga, kufika khumi, kufika khumi ndi zisanu, kenaka munthu nkudzidzimuka akufunafuna mpweya. Zala zake zinali zitazizira, chipumi chikutentha.

Ndiye panja panayamba nyimbo.

Inayambira kutali, kumtunda, nkumayandikira. Inali nyimbo imene Jailosi ankatsegulira nayo mapemphero Lamulungu lililonse, ndipo mawu ake anali a Jailosi yemweyo, athunthu, okoma, a masiku amene asodzi ankaimika nkhafi. Ngakhale kamalo kamene ankakonda kukokera mawu asanatsike, kanali pomwepo.

Mayi wina wa mpingowo anatembenuka m'bulangeti mwake. "Tamvani bambo Fombe, adzuka kale kukapemphera. Munthu wa Mulungu uyu," anang'ung'udza, nkugonanso.

Dolika anatambasula dzanja. Mwamuna wake anali pomwepo, nthiti zikukwera ndi kutsika movutikira. Tsitsi linamuima. Anangomukumbatira munthuyo mwamphamvu, ngati kuti wina akumukoka mbali inayo, mpaka nyimboyo inabwerera kumtunda.

M'bandakucha kunja kunali chiperoni, nkhungu ya mbee yoti dzanja lako lomwe ukalitambasula limaoneka la mwini wake. A Makwinja anati adikire ichoke. A Tchale anati dzuwa silidikira munthu, ndipo anthu anali atatuluka kale. Dolika anamudzutsa Jailosi movutikira. Nsapato anachita kumuveka, chifukwa iye ankangoziyang'ana osadziwa kuti ndi zachiyani.

Panja a Makwinja anawaimika pamzere m'nkhungumo nkuyamba kufunsa, akuitana maina poti nkhope sizinkaoneka.

"Bambo Fombe?"

"Ndili bwino!"

Linamveka lamphamvu, lansangala, la munthu amene wagona tulo tabwino. A Makwinja anapinda chala chomaliza nkupumira m'mwamba. "Zisanu ndi ziwiri. Lero zakwana. Tiyeni."

Koma Dolika anali atagwira mkono wa mwamuna wake, nkhope yake ili pafupi ndi phewa lake. Jailosi sanatsegule pakamwa.

Njira ya pamwamba ndi ya matanthwe okhaokha, pena kukwawa, pena kudzipanikiza pakati pa miyala. Mzere unatalikirana. Dolika anatsalira kumbuyo, akukoka munthu wolemera amene miyendo yake inkapita kwina iye akufuna kwina. Masitepe asanu, kuima. Masitepe atatu, kuima. Kutsogolo nyimbo ija inayambanso, ndipo anthu a mpingo anaivomera mokondwa, a Tchale akufuula aleluya. Dolika anamva a Makwinja akukuwa kuti, "Bambo Fombe, si kumeneko! Njira ili kumanja!" Koma nyimbo inkapita kumanzere, ndipo mapazi a anthu ankaitsatira.

Nkhungu inang'ambika pang'ono. Chapatali, pamwamba pa thanthwe, Dolika anaona kadontho kofiira. Chipewa choluka yekha sakanachisokoneza. Pansi pa chipewacho panali chinthu chachitali, choima mowongoka, koma nkhope sanaione, ndipo mpaka lero amathokoza kuti sanaione.

Nyimbo inadukiza.

"Mayi a Lonjezo," anaitana mawuwo, mwachikondi, monga ankamuitanira ali ongokwatirana kumene. "Mukuchedweranji kumbuyoko? Ine ndili bwino. Tulani katunduyo pansi, mubwere."

Ndikuuzeni zoona, mtima wake unapita. Uko kunali mwamuna wake monga ankamudziwira, wamphamvu, womuitana bwino. Kuno kunali chimunthu cholemera, chonunkha masanzi, chimene dzulo lomweli chinamukalipira. Miyendo yake inali itatha. Kukanakhala kosavuta kumukhazika pamwala kwa kanthawi kochepa chabe.

Anatembenuka kumuyang'ana. Milomo ya Jailosi inali itachita bii ngati phulusa lonyowa, pakona pa kamwa pali thovu lofiirira. Maso ake anadutsa pa Dolika osamuzindikira. Koma zala zake zinali zitagwira nsonga ya chitenje cha mkazi wake, zolimba, monga amagwirira mwana pamsika.

Pamenepo mayi wosalankhulalankhula uja anakuwa mpaka matanthwe anabweza mawu.

"A Makwinja! Amuna anga akudwala! Ali kuno ndi ine, sali bwino ayi! Mutu unayamba dzulo masana, anasanza, madzi sanamwe ngakhale dontho chichokere kwathu! Usiku wonse chifuwa chimalira! Sakundidziwa! Ndipo wa thabwa uja analankhula nawo, ndinakunamizani!"

Kunagwa chete amene sindingathe kumufotokoza. Mphepo, nyimbo, aleluya, zonse zii.

Kenaka wezulo ya a Makwinja inalira katatu. "Aliyense aime pomwe ali! Osaponda kutsogolo! Bwererani chafutambuyo, mutsate wezulo!"

Anatulukira m'nkhungu mmodzimmodzi. A Tchale anafika pomalizira, akulozabe kumtunda. "Koma bambo Fombe ali kutsogoloku, ndimawatsatira ine, ndimaona chipewa..." Ndi pamene anaona Jailosi ali gone pamiyendo pa Dolika. Mphepo inakankha nkhungu kamphindi, ndipo onse anaona kumene ankalowera. Mapazi a mtumiki pa ndere zonyowa anathera masitepe anayi kuchokera pamphepete pa phompho. A Tchale anangokhala pansi pomwepo.

A Makwinja sanakalipe. Anaika khutu pachifuwa cha Jailosi, anamutsegula chikope, anayang'ana zikhadabo. "Madzi alowa m'mapapo, ndipo mutu wayamba kusokonezeka. Sitidikira chilichonse. Tipemphera tikuyenda."

"Tingomusanjika manja pompano, mwina..." anayamba a Tchale.

"Manja anuwo agwire apa," anatero a Makwinja, akuwapatsa nsonga ya ndodo.

Anamanga machira ndi ndodo ziwiri ndi mabulangeti, kumutu atakweza kuti apumeko. Anamufunditsa majuzi onse. A Makwinja anamatula buledi wawo nkugawira onyamula, ndipo kusala kunathera pomwepo popanda wotsutsa. Asananyamuke anawauza kuti: "Mukamva chilichonse kumbuyo, osacheuka, osayankha."

Anachimva. Sichinkayimbanso. Chinkangoyenda pambuyo pawo, mtunda womwewo nthawi zonse, timiyala tikugubuduka pamene palibe woponda. Akaima kusinthana mapewa, nachonso chinkaima. Ndipo pakapita kanthawi chinkanena, mofatsa, ngati munthu wodabwa kuti akumusiyiranji: "Ndili bwino. Mayi a Lonjezo, ndili bwino."

Dolika ankayenda pambali pa machira, dzanja lili pachifuwa cha mwamuna wake, misozi ikutsika. Sanacheuke. Nthawi iliyonse mawuwo akamveka, iye ankawerama nkunena m'khutu mwa wodwalayo: "Simuli bwino, bambo a Lonjezo. Mukudwala. Tikutsika."

Atadutsa nyumba yoyamba nkulowa m'mitengo, timiyala tinasiya kugubuduka. Chapomwepo kupuma kwa Jailosi kunayamba kutalika, milomo nkumabwerera mtundu wake. Pofika kumunsi anatsegula maso nkupempha madzi.

Kuchipatala anagonako sabata. Dokotala anati akanakwera ola limodzi lokha, akanatsika ali mtembo. Anatinso munthu akasowa mpweya amamva ndi kuona zinthu zoti palibe. Dolika anavomera mwaulemu, osafunsa kuti nanga anthu asanu ndi atatu amva bwanji chinthu chimodzi.

Tsiku lachitatu Jailosi analankhula, akuyang'ana kukhoma. "Munandichititsa manyazi, mayi a Lonjezo."

"Eya," anatero Dolika. "Ndipo mulipo kuti mundiuze zimenezo."

Mwamunayo analira. Dzanja lake linafufuza nsonga ya chitenje.

Namwino atalowa nkumupatsa moni, Jailosi anatsegula pakamwa kuti ayankhe. Milomo inayenda, koma sipanatuluke kanthu. Anayesanso, osatheka. Zina zonse amalankhula, za mitengo ya mphasa, za mvula, za sukulu ya Lonjezo. Koma mawu awiri aja akuti "Ndili bwino," ndi nyimbo zake zonse, sanatsike nazo phiri. Ukulu wa mpingo sanaufunenso. A Tchale lamulo lija analisiya mwakachetechete. A Makwinja akutsogolerabe anthu, sadumphanso nyumba yoyamba ngakhale muwagwadire, ndipo zala zikangopitirira ndi chimodzi amabweza gulu lonse osafotokoza.

Kuyambira pamenepo Dolika ndiye amamuyankhira mwamuna wake moni, ndipo sanamepo. Akadzuka ndi msana amati adzuka ndi msana. Akagona bwino amati agona bwino. Anthu ankaseka poyamba, kenaka anazolowera.

Kunali kamodzi kokha kamene anachedwa. Unali mmawa wa Juni, chiperoni chitatsika mpaka kuchigwa, zimene sizichitikachitika kwathu kotentha kuno. Jailosi anali atatsokomola usiku wonse. Dolika ali kukhitchini akukoleza moto, munthu wina wodutsa pamsewu anaponya moni: "Bambo Fombe, muli bwanji?"

Dolika anati ayambe wauzira moto. Ndipo yankho linabwera, lamphamvu, lansangala, kuchokera kuseri kwa nyumba yawo.

Anathamanga mpaka pakhonde. Jailosi anali pa mphasa yake, pakamwa potseka, maso ali tong'o kuyang'ana kungodya ya nyumba. Wodutsayo anali atapita kale, wokhutira.

Ndiye mukadzafika ku Bangula, kuseri kwa msika, moni mupereke ndithu, ndi munthu wabwino. Koma muyambe mwaonetsetsa kuti mkazi wake ali pafupi.